Basera pa Bwalo la Mayi Darby

Mashini aja ankagona mukolido mwathu, pakati pa chitseko ndi masitepe, ndipo aliyense wolowa m'nyumba ankayamba wawapatsa moni ndi chala chakuphazi. Ine ndinapunthwapo kangati! Ndikachoka ku shifiti miyendo itatupa, chondilandira chinali fungo la petulo ndi paipi yonyowa yopiringizana ngati matumbo a mbuzi. Amuna anga, a Wallace, ankawapukuta mashiniwo ndi thaulo langa labwino, kukazizira n'kuwafunditsa bulangeti.

Ine ndinkadana nawo. Anali ndi mlandu ndi ine mashini amenewo, chifukwa ndi amene anadya tikiti ya mwana wanga.

Dinnah tinamusiya ku Zomba, kwa achemwali anga a Rabecca, atangokwanitsa zaka zitatu. Tinkati n'za kanthawi kochepa. A Wallace anabwera kuno ku Birmingham kudzaphunzira za nthaka ku yunivesite, ine ndinawatsatira n'kupeza ntchito yanga ya unesi pachipatala chachikulu cha ku Bordesley Green. Digiri anaipeza, chithunzi cha gauni tinachipachika pabalaza, koma ntchito osaoneka. Pachitseko pankangogwa makalata opepesa okhaokha. Pofika 1997 mwana anali atafika poyamba sukulu, ndipo ine ndinali nditasonkhanitsa ndalama ya ndege, yake ndi ya womuperekeza. Ndalama imeneyo ndinaipeza ndi mashifiti oonjezera amene anandisiya ndi msana wa nkhalamba.

Ndiye tsiku lina kukuyamba kufunda a Wallace anandikhazika pansi.

"Mayi a Dinnah, ndalama ija ikungogona kubanki. Tiyeni tigule mashini otsukira mabwalo. Pofika Ogasiti ibwerera ndi ana ake, mwana afika sukulu zisanatsegulidwe."

"Nanga ikapanda kubwerera?"

"Ibwerera. Ndipo mwana wanga akamatsika ndege adzapeza bambo ake ali pantchito, osati munthu wongodikira mkazi aweruke."

Mawu omalizawo ndi amene anandigwetsa. Ndinaona mmene anagwetsera nkhope powanena, ndipo ndinavomera.

Nyumba zambiri za kuno zili ndi kabwalo kutsogolo koimikapo galimoto, eni ake amati draivu. Zaka zimenezo fashoni inali yoyalapo timanjerwa tofiira, aliyense kupikisana ndi neba wake. Koma ndi mvula ya kuno yosadziwa kukata, timanjerwato timachita ndere, m'mipata mumamera udzu, galimoto n'kudontheza oilo pakati penipeni. Ndiye munthu amabwera ndi mashini opopera madzi mwamphamvu, kutsuka, kudikira paume, n'kusesera mchenga wouma m'mipata muja kuti njerwa zisagwedere. Ntchitoyo a Wallace ankaidziwa, zimenezo sindingawanamizire. Akatsuka draivu umachita manyazi kupondapo. Chinawavuta n'kutchula mtengo.

Abale inu, munthu wophunzira mpaka kuvala gauni, koma ankapita pakhomo la mzungu ngati akukagulitsa mbuzi pa Lunzu. Akaona draivu yoyenera mapaundi 80, iwo ankati 200, n'kuima chilili akumwetulira, kudikira kuti mwini nyumba agwire pakamwa, anene kuti mwadulitsa, iwo afunse kuti inu muli ndi zingati, akokanekokane mpaka akumane pakati onse akuseka. Koma mzungu sanenerera. Amangokumwetulira nayenso, n'kunena kuti zikomo kwambiri chifukwa chobwera, ndiganiza kaye, ndikuimbirani. Kenako chitseko chimatsekeka pang'onopang'ono, mwaulemu.

Ankabwera kunyumba ali osangalala. "Atatu lero akuganiza."

"Amenewo aganiza mpaka Yesu adzabwere," ndinkatero ine ndikuvula nsapato. "Mawu amenewo kuno ndi kukana, bambo. Akukuuzani kuti musadzabwerenso."

"Nanga osangonena kuti wachuluka bwanji? Ine ndikanatsitsa."

Kwa anthu a kwathu ndiye kunali koipa kuposa pamenepo. Kutchalitchi atamva kuti a Wallace ali ndi mashini, aliyense anakumbuka kuti ali ndi bwalo. Koma munthu wamkulu wa kwanu, amene anakulandira pabwalo la ndege n'kukubwereka jekete, ungamutchulire mtengo? A Wallace ankangopinda manja n'kuti, "Mungoona nokha, achikulire." Anapita mpaka ku Nuneaton kwa dokotala wina wa kwathu, kukatsuka draivu, masilabu a kuseri ndi makoma omwe, tsiku lathunthu m'magambuti. Anabwerako ndi mpunga ndi nkhuku m'chigubu cha majarini, ya petulo yosakwana, ndi pemphero lalitali loti Mulungu adalitse ntchito ya manja awo. Nkhukuyo ndinadya nawo, inali yokoma, koma ndinkatafuna ndi mkwiyo.

Pofika Juni ndinaona kuti ndikapanda kulowererapo mwana wanga ndidzamuona ali ndi mawere. Ndinatenga buku lachikasu lija la manambala a foni, n'kuyamba kuimbira anthu ena otsuka mabwalo, ndikuyankhula Chingerezi changa cha kuwodi, chija ndimayankhulira madokotala. Ndinkanamizira kuti ndili ndi draivu ku Solihull, ine wokhala m'nyumba ya lendi yopanda ngakhale poimika njinga. Onse ankandifunsa funso limodzi: ndi yaikulu bwanji? Palibe anandifunsa kuti ndine ndani kapena ndili ndi zingati.

Madzulo amenewo ndinagula tepi yoyezera n'kuiika patebulo pafupi ndi mbale yawo.

"Kuyambira lero muziyeza. M'litali, m'lifupi, muchulukitse. Yadi iliyonse ili ndi mtengo wake. Pakakhala oilo muonjezere. Mchenga muonjezere. Kukakhala kutali muonjezere ya petulo. Mukatchule kamodzi, basi, mutseke pakamwa."

"Osayang'ana kuti munthuyo ndi wotani?"

"Muziyang'ana njerwa."

"Nanga akakhala wamasiye? Nanga akakhala ndi Benzi ziwiri?"

"Njerwa za wamasiye ndi za wa Benzi zimamwa petulo wofanana."

Anaitenga tepiyo, kuikoka, kuisiya ibwerere yokha. "Malonda opanda moni amenewo," anatero. "Munthu kumutchulira mtengo ngati ukumuuza nambala ya basi."

"Moni wanu watipatsa chiyani kufikira lero?"

Ndinadziwa kuti ndawabaya, koma ndinali wotopa kwambiri moti sindikanatha kuwapepesa.

Njirayo inayamba kugwira, koma mochedwa, kantchito apa, kantchito apo. Ndalama inkabwerera ngati madzi a pampopi wa ku Ndirande. Julaye akupita kumapeto tinali tisanafike ngakhale theka, ndipo ine ndinasiya kuyang'ana kalendala ya kukhitchini.

Ndiye kunaimba foni. Anali mayi wina wa ku Sutton Coldfield, dzina lake Mayi Darby, amene anaona kakhadi kathu pawindo la sitolo ya manyuzipepala. Tsiku lokayeza ndinali pa ofu, ndipo ndinati ndipita nawo, pakamwa pa a Wallace sindinkapakhulupirira.

Kanali kamsewu kotsekeka kumapeto, nyumba khumi ndi kanthu zitazungulira, zonse za madraivu a timanjerwa tofanana, zonse zitachita ndere. A Wallace anangoti, "Mayo!" chapansipansi. Mayi Darby anali gogo wochepa thupi, wa juzi yotuwa ndi magalasi a chingwe. Anatiuza kuti amuna awo anamwalira chaka chapitacho, ndiponso kuti iwo ndi amene amayendetsa kabungwe ka anthu a mumsewumo.

"Aneba onse akufuna kutsukitsa," anatero m'Chingerezi chawo chofatsa. "Tagwirizana kuti muyambe ndi kwanga. Akaona kuti zili bwino, mudzazungulira msewu wonse."

Msewu umenewo unali tikiti ya Dinnah, yathunthu, mwinanso ndi jekete lomulandirira.

Tinayeza. Ine ndinagwira kumapeto kwa tepi, a Wallace akuwerenga. Ndinachulukitsa, ndinaonjezera ya banga la oilo ndi ya mchenga, n'kutchula: mapaundi 95. Mayiwo anayang'ana draivu yawo, ndipo ndinaona pakamwa pa a Wallace pakutseguka kuti atsitse munthu asanadandaule n'komwe. Ndinawaponda chala ndi chidendene.

"Chabwino," anatero Mayi Darby. "Loweruka."

Pobwerera, m'vani imene tinkanyamulira mashini, ine ndinkaimba nyimbo ya kwaya, koma amuna anga nkhope inali itagwa.

"Chavuta n'chiyani tsopano?"

"Avomera osanenerera n'komwe."

"Si zimene timafuna?"

"Enifa, ameneyu ndi gogo wamasiye. Mwina akanakonda kulipira 70, koma ulemu wawaletsa. Amayi anga pamsika, munthu akagula tomato osanenerera, ankamuikira basera lambiri kuposa wolongolola uja. Ankati ndalama yobwera mosavuta choncho umaiperekeza ndi kanthu."

"Amayi anu ankagulitsa tomato wa kudimba kwawo. Inu petulo mumagula."

Anangopukusa mutu. Ine ndinkaganiza kuti nkhaniyo yathera pomwepo.

Loweruka linafika nditagwira mashifiti aatali motsatizana, maso akuyabwa ngati muli mchenga. Komabe ndinakwera vani. Ndinati cheke chimenecho ndikalandire ndi dzanja langa.

Mayi Darby anatitsegulira kageti ka m'mbali, chifukwa mpopi wolumikizapo paipi unali kuseri kwa nyumba. Anati iwo akupita kukaona mng'ono wawo kunyumba yosungira okalamba, abwera masana. Tikukoka paipi kuseriko ndi pamene tinakaona kanjira kaja. Kanali ka miyala yafulati yakalekale, kochokera pachitseko cha khitchini, kukhotakhota pakapinga mpaka pabenchi ya pansi pa mtengo wa maapozi. Koma ndiye kanali katamera! Miyala yonse ndere bii, m'mipata monse mutatuluka tizitsamba tating'ono toyanga, tina tili ndi timaluwa tofiirira, mpaka miyala ina osaoneka.

"Taonani," anatero a Wallace. "Bambo atangomwalira, pakhomo pamera tchire."

"Alibe womulambulira," ndinatero ine. "Ana a kuno ndi choncho. Kwathu njira yotere bwenzi anthu akunena kuti m'nyumbamo mulibe munthu."

"Tsiku lina adzaterereka pamenepa."

"Adzabwera kuwodi kwathu ndi chiuno chothyoka. Tiyeni, dzuwa likukwera."

Draivu anaitsuka ngati akutsuka mbale ya mfumu. Mzere ndi mzere, osasiya mikwingwirima, banga la oilo analithira mankhwala n'kulikwecha ndi burashi mpaka linatha. Ine ndinkakankha matope ndi tsache. Bambo wina wa nyumba yoyandikana, wadazi, anatuluka kawiri kudzaima pampanda manja ali m'thumba, kachiwiriko anagwedeza mutu n'kufunsa kuti yake ingakhale zingati. Ndinamuuza kuti tidzayeza. Makatani a nyumba zina ankagwedezeka. Ndinati mumtima, yang'anani ndithu, yang'anitsitsani.

Titamaliza panatsala kudikira kuti paume tisanathire mchenga. Tsiku limenelo dzuwa linawala la zoona. Ndinalowa m'vani kuti ndingopumitsa msana, ndipo tulo tinandiba.

Chinandidzutsa ndi kulira kwa mashini. Ndinayang'ana padraivu, panalibe munthu. Phokoso linkachokera kuseri.

Ndinawapeza ali kumapeto kwa kanjira kaja, pafupi ndi benchi, thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala ngati mwana amene wasesa pabwalo asanatumidwe. Anazimitsa mashini.

"Basera," anatero.

"Bambo inu! Petulo ameneyu ndi wa agogo anu? Tinayeza kuno ife?"

"Kanthu kochepa. Akaona adziwa kuti sitinangobwerera ndalama."

Ndinawakalipira za petulo, za nthawi, za msana wawo umene udzafune ine kuti ndiuthire mankhwala. Koma kanjirako ndinakayang'ana, ndipo kanali kokongola. Miyala imene inali bii ija inatuluka yachikasu, mbee, m'mipata mwayera, njira yooneka poyambira ndi pothera. Zomera zonse zija zinali phala lobiriwira litaunjikana m'mphepete mwa kapinga. Kunkamveka fungo lamphamvu, lokoma, ngati la masamba othira mu nyama. Ndinatenga tsache ndi fosholo, tinawolera phala lija m'mapepala akuda a zinyalala, n'kuwamanga bwinobwino pafupi ndi bini.

Mayi Darby anafika tikumasula thumba la mchenga. Anatsika m'galimoto yawo yaing'ono, kuima pamsewu, n'kuomba m'manja kamodzi.

"Ha! Inali yofiira chonchi? Ndinali nditaiwala."

Bambo wadazi uja anatulukanso, ndi mayi wina wa tsidya lina atanyamula kagalu. Onse ankayamikira. Ine mumtima ndinali nditafika kale kwa ogulitsa matikiti.

"Mayi," anatero a Wallace akupukuta manja m'ovolosi, "tabwerani kuseri kuno. Takukonzerani kamphatso. Kaulere."

Anatitsatira akumwetulira, chikwama chili pamkono. Atadutsa kageti anaima. Sanakuwe. Anangoika chikwama pansi, pakapinga ponyowa, n'kuvula magalasi, n'kuwavalanso.

"Zili kuti?" anafunsa.

"Zinyalala? Tawolera, mayi, zili m'mapepala umo. Tikatayira ife."

"Henry," anatero mayiwo, osati kwa ife.

Ine ndagwira ntchito m'wodi zaka zambiri. Nkhope ya munthu amene wangouzidwa uthenga ndimaidziwa. Ndinadziwa kuti talakwa ndisanamve n'komwe kuti talakwa chiyani.

Anapita pamapepala paja, kugwada pamiyala yonyowa ndi siketi yawo yabwino, n'kuyamba kumasula mfundo. Mfundoyo inakana, ndipo anang'amba pepalalo. Anapisa manja m'matope muja n'kumatulutsa tizidutswa, kutiyang'ana kumizu, kuika pambali, kupisanso. Akuchita zimenezo ndi pamene anayamba kuyankhula, mawu ali phee, osatiyang'ana. Anati Henry anali mwamuna wawo. Miyalayo anaitenga kumudzi kwa makolo ake nyumba yakale itagwetsedwa, kuinyamula pang'onopang'ono m'buti ya galimoto. Tizitsamba tija sitinamere tokha. Anadzala yekha, kamodzikamodzi, ndi mpeni wa patebulo, ndipo zinamutengera zaka kuti tigwirane. Ndere ija ankachita kuithirira kuti imere. Ankati njira ikhale yoti ukapondapo izinunkhira.

"M'mawa uliwonse ndimayenda mpaka pabenchi," anatero. "Ndikaponda, fungo limakwera, ndiye zimakhala ngati wangodutsa kumene."

Fungo limenelo linali paliponse, m'manja mwathu, m'magambuti, m'tsache. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

A Wallace anagwada. Anagwada chigwadire cha kwathu, maondo onse awiri pamwala, manja atagwirana, mwamuna wa digiri ziwiri m'ovolosi yonyowa.

"Mayi, pepani. Pepani ndithu. Ine ndinaona ngati ndi tchire. Ndinaopa kuti mudzagwa. Ndidzalanso, ndinaphunzira za nthaka, ndikagula mbewu ndi ndalama yanga, ndizibwera kudzathirira."

"Dzukani, chonde," anatero mayiwo. Kugwadako kunawachititsa manyazi kuposa china chilichonse. "Mbewu zilipo kusitolo, ndikudziwa. Koma sizikhala zimene anadzala iye."

Bambo wadazi uja anali ataima pakageti. Anayang'ana njira, kuyang'ana mayiwo ali m'matope, kutiyang'ana ife, n'kubwerera. Ndinamva akuyankhula ndi wa kagalu uja chapansipansi kutsogolo.

Mayi Darby anadzuka movutika, ndinafuna kuwagwira mkono koma anakana ndi mutu. Analowa m'khitchini, ndinamva madzi akutuluka pasinki. Anabwera ndi cheke.

"Ayi, mayi," anatero a Wallace. "Sitingalandire."

"Tinagwirizana 95."

"Ndiye chotsani theka. Chonde. Tipatseni ya petulo yokha."

"Bambo, tinagwirizana mtengo wa draivu, ndipo draivu mwaitsuka bwino. Za kuseri kuno sindinakutumeni, ndiye palibe choti ndichotse kapena kuonjezera." Anatembenukira kwa ine n'kundipatsa chekecho. "Mumalize mchenga uja. Potuluka mutseke geti."

Ndinachilandira. Nanga ndikanatani? Chinali cholembedwa bwino, dzina lathu osalakwitsa ngakhale chilembo chimodzi.

Mchenga uja tinathira. Ntchito imeneyo sifulumira, umasesa uku ndi uku mpaka mpata uliwonse udzaze, ndipo tinasesa, matsache awiri okha akumveka mumsewu monse. Makatani sankagwedezekanso. Kuseri tinkamva mayiwo akung'amba pepala lachiwiri.

M'vani ndinali ndi mawu odzaza pakamwa. Ndinafuna kuwafunsa kuti ndinawauza kangati kuti atchule mtengo n'kutseka pakamwa, kuti manja awo oyabwawo awonongetsa chiyani, kuti amayi awo a tomato aja abwere adzatigulire tikiti. Koma tsache lowolera lija ndinagwira ndine, ndipo mphamvu zokalipa ndinalibe. Tinadutsa Erdington. Pamaloboti ena ndinaona kuti akulira, misozi ikungotsika, manja ali pachiwongolero.

"Ndimafuna kuti azitikumbukira," anatero.

"Atikumbukira," ndinatero ine. "Yendetsani, kwayaka gilini."

Foni ya ku Sutton Coldfield sinalire. Sabata yoyamba a Wallace sankachoka pabalaza, ikalira ankathamanga mpaka kupunthwa pa mashini awo omwe, koma ankakhala a kutchalitchi kapena a kuchipatala ofuna ine ndikagwire shifiti ya wina. Analemba kalata yopepesa, anakasiya pakhomo paja ndi timiphika ta mbewu zija zimene anazifunafuna mpaka kuzipeza. Sitinamve kanthu. Tsiku lina akuchokera ku kantchito kena anadzera dala mumsewumo, n'kupeza vani ya anthu ena itaima, madraivu atatu atafiira kale. Anandiuza ali chiimire pakhomo, jekete osavula.

Tintchito tina tinkabwera ndithu. Ankayeza, kutchula kamodzi, kutseka pakamwa, kutsuka pamene atumidwa pokha. Akaona udzu pambali ankaulambalala ngati ndi njoka. Koma Ogasiti sadikira munthu, ndipo masamba atayamba kugwa palibe amaganiza zotsukitsa bwalo.

Ndinazengereza kuimba foni ku Zomba mpaka sabata yomaliza ya Ogasiti. Achemwali a Rabecca analibe foni kunyumba, tinkawaimbira kuofesi kwawo nthawi ya nkhomaliro. Ndinagula khadi ya foni pasitolo ya pakona ndikupita kuntchito, n'kulowa m'kabokosi ka foni ka panja pa chipatala, yunifolomu ili m'kati mwa jekete. Mzere unavuta, kenako unagwira, mawu akuchedwa kufika monga mwa nthawi zonse.

Tinapatsana moni. Ndinafunsa za alamu, za mvula, za mwendo wa amayi. Ndinafunsa za anthu amene sindinkawafuna n'komwe, khadi ikutha.

"Enifa," anatero achemwali, "nena chimene waimbira."

"Achemwali, zija sizinatheke. Dinnah mumulembetse sukulu konko."

Panapita kanthawi. Sindinadziwe ngati ndi mzere kapena ndi iwo.

"Ndinamulembetsa kale," anatero. "Yunifolomu ndinasoketsa mwezi watha. Ndimangodikira kuti unene wekha."

Ndinatsamira galasi la kabokosiko. Ambulansi inadutsa, ndinadikira kuti ipite.

"Ikumukwana?"

"Ikumukwana bwino, ndipo akunyada nayo. Usadandaule za imeneyo, mng'ono wanga. Ndinauza telala kuti apinde kwambiri m'munsi. Tizingomasula chaka ndi chaka."